Nkhondo yapachiweniweni ya ku China, 1927 mpaka 1949: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino likuyankha mafunso amene ophunzira mbiri ndi aphunzitsi awo amakonda kufunsa pa nkhondo ya pakati pa chipani cha Kuomintang ndi chipani cha chikomyunizimu ku China. Powerenga mayina kumbukirani kuti Atchaina amayamba ndi dzina la banja: Mao Zedong ndi wa banja la Mao, Chiang Kai-shek ndi wa banja la Chiang.

Ankamenyana ndani, ndipo ankalimbirana chiyani?

Ufumu wa Qing utagwa mu 1912, China inasanduka dziko lopanda mwini. Yuan Shikai, mkulu wa asilikali amene anatenga mpando, anamwalira mu 1916, ndipo chigawo chilichonse chinagwera m'manja mwa mkulu wankhondo wakewake, wokhometsa msonkho wake, wolemba asilikali ake. Zipani ziwiri zinkafuna kulumikizanso dzikolo. Kuomintang, chipani cha Sun Yat-sen, chinkafuna boma limodzi lamphamvu lochotsa ulamuliro wa maiko akunja m'madoko. Chipani cha chikomyunizimu, chimene chinayambika ku Shanghai mu Julayi 1921 ndi anthu ongopitirira pang'ono 50, chinkafunanso zomwezo, koma chinawonjezapo kuti minda ndi mafakitale zichoke m'manja mwa eni ake.

Apa ndiye panali fupa. Akuluakulu ambiri a asilikali a Kuomintang anali ana a eni minda, ndipo ndalama za chipanicho zinkachokera kwa amalonda ndi eni mabanki a ku Shanghai.

Si paja poyamba anali pamodzi? Anayambana bwanji?

Anali pamodzi ndithu, ndipo mkhalapakati wake anali Soviet Union. Kuyambira 1923 akomyunisiti ankaloledwa kulowa mu Kuomintang aliyense payekha. A Soviet anatumiza ndalama, mfuti ndi alangizi monga Mikhail Borodin. Pasukulu ya usilikali ya Whampoa, imene inatsegulidwa mu 1924, mkulu wake anali Chiang Kai-shek, pomwe Zhou Enlai, mkomyunisiti, ankayang'anira maphunziro a ndale. Akuluakulu ambiri amene anadzaphana pambuyo pake anaphunzira m'kalasi limodzi kumeneko.

Sun Yat-sen anamwalira mu Malichi 1925. Mu Julayi 1926 Chiang anatsogolera asilikali kuchoka ku Guangzhou kulowera kumpoto kukagonjetsa akuluakulu ankhondo a m'zigawo aja. Akomyunisiti ankapita patsogolo, kukonza mabungwe a alimi ndi a antchito, kuyambitsa sitalaka kuti mzinda ugwe asilikali asanafike. Ku Hunan alimi anayamba kulanda minda ndi kuyendetsa eni minda m'misewu atawaveka zipewa zazitali zamapepala. Eni chuma anachita mantha, ndipo Chiang anasankha mbali. Mbandakucha wa pa 12 Epulo 1927, asilikali ake pamodzi ndi gulu la zigawenga la Green Gang la Du Yuesheng anaukira mabungwe a antchito ku Shanghai. Kuphako kunafalikira m'mizinda ina, ndipo pakutha pa chakacho chipani cha chikomyunizimu chinali chitataya mamembala ake ambiri.

Nanga anapulumuka bwanji atathamangitsidwa m'mizinda?

Poyamba anayesa kulanda mizinda: Nanchang pa 1 Ogasiti 1927, Guangzhou mu Disembala. Konseko analephera m'masiku ochepa. Mao Zedong, atalepheranso ku Hunan mu Seputembala, anathawira m'mapiri a Jinggang ndi anthu pafupifupi 1,000, ndipo Zhu De, mkulu wa asilikali a chikomyunizimu, anamupeza komweko mu 1928. Pofika Novembala 1931 anali ndi boma lawo ku Ruijin, m'chigawo cha Jiangxi.

Chinawasunga ndi kamenyedwe kawo. Lamulo lake linali lalifupi: mdani akamabwera, thawa, akamanga msasa, usamugonetse tulo, akatopa, mumenye, akamabwerera, muthamangitse. Ankalola adani kulowa mkati mwenimweni mwa dera lawo, mzere wa asilikali n'kutalika m'tinjira ta m'mapiri, kenako n'kusonkhanitsa anthu awo onse pa gulu limodzi lofooka. Mfuti ndi zipolopolo zawo zambiri zinali zolanda mwa njira imeneyi. Panalinso malamulo a khalidwe, ena ooneka ngati aang'ono: osatenga ngakhale singano kapena ulusi wa mlimi, kulipira chimene wagula, kubwezeretsa chitseko chimene wazula kuti ugonepo, kumanganso udzu umene unayala. Kwa mlimi amene anazolowera kuti msilikali akafika nkhuku zatha, zimenezi sizinali zazing'ono.

Tisabisenso kuti m'dera lomweli chipanicho chinapha anthu ake masauzande ambiri powaganizira ukazitape, makamaka pa nkhani ya ku Futian ya mu Disembala 1930. Ambiri ankavomera milandu chifukwa chozunzidwa.

Chiang analephera kanayi kuwazinga. Kachisanu chinasintha n'chiyani?

Analeka kuwathamangitsa. Kuyambira kumapeto kwa 1933 asilikali ake ankasuntha makilomita ochepa, n'kuima, n'kumanga kanyumba kolimba ka miyala kapena njerwa kokhala ndi mabowo a mfuti, n'kulambula msewu woti chakudya chiziwapeza. Tinyumbati tinamangidwa masauzande ambiri, kalikonse pamalo poti mfuti za kanzake zingakateteze. Mkombero unkachepa mwezi ndi mwezi, ndipo panalibenso mzere wautali woti n'kuudula.

Chida china chinali mchere. Dera la akomyunisiti silinkapanga mchere, choncho Chiang anatseka njira zonse zolowetsera mchere, nsalu, mankhwala ndi palafini. Anthu anafika popala dothi la m'makoma akale, kuliviika m'madzi, kulidontheza monga tichitira ndi chidulo, n'kuphika madziwo mpaka patatsala timchere towawa. Munthu wosowa mchere miyendo imalefuka. Sangakwere phiri atasenza mfuti.

Atsogoleri a chipani pa nthawiyo, Bo Gu ndi mlangizi wachijeremani Otto Braun, analamula kuti asilikali aime n'kuteteza malo m'maenje. Gulu lopanda mizinga yokwanira ndiponso lopanda ndege silikanatha kutero. Ku Guangchang mu Epulo 1934 anataya anthu masauzande angapo m'masabata osakwana atatu.

Kodi Ulendo Wautali unali chipambano kapena kuthawa?

Unayamba ngati kuthawa. Mu Okutobala 1934 anthu pafupifupi 86,000 anatuluka mu Jiangxi atasenza chilichonse, mpaka makina osindikizira ndi zitsulo za m'mashopu okonzera mfuti. Katunduyo anawachedwetsa, ndipo atawoloka mtsinje wa Xiang kumayambiriro kwa Disembala anali atatsala osakwana theka. Tsokali ndi limene linatsegulira Mao njira: pamsonkhano wa ku Zunyi mu Januwale 1935, Bo Gu ndi Braun anadzudzulidwa, mawu a Mao n'kuyamba kulemera.

Kuchoka apo anayenda mokhotakhota kuti asokoneze owalondola, anawoloka mtsinje wa Dadu pa mlatho wa maunyolo wa Luding mu Meyi, anakwera mapiri a chipale chofewa atavala nkhwaira zaudzu, n'kudutsa madambo a kumpoto kwa Sichuan kumene munthu akaponda molakwika ankamira m'matope, ndipo njala inawafikitsa pophika malamba achikopa. Amene anafika ku Shaanxi ndi Mao mu Okutobala 1935 anali pafupifupi 8,000. Chipanicho chimati mtunda wake unali makilomita 12,500. Ofufuza ena amati unali wocheperapo.

Poyang'ana chiwerengero, uku kunali kugonja koopsa. Phindu lake linali pena: otsalawo anali ogwirizana, anali ndi mtsogoleri, ndipo anali kumpoto, pafupi ndi kumene nkhondo ya Japan inali kubwera.

Japan ikulowa pati m'nkhaniyi?

Popanda Japan, n'kutheka kuti Chiang akanawamaliza. Japan inalanda Manchuria, dera la kumpoto chakum'mawa kwa China, kuyambira pa 18 Seputembala 1931, koma Chiang anaumirira kuti ayambe wathana ndi akomyunisiti. Ophunzira ndi asilikali ambiri sanamvetse chifukwa chake Mtchaina aziwombera Mtchaina mnzake mlendo ali m'nyumba. Pa 12 Disembala 1936, ku Xi'an, akuluakulu ake awiri, Zhang Xueliang ndi Yang Hucheng, anamugwira n'kumusunga milungu iwiri mpaka atavomera kuleka nkhondo yapachibale. Zhang analipira: anakhala pa ukaidi wosachoka panyumba zaka zoposa 50.

Nkhondo yeniyeni ndi Japan inabuka pa 7 Julayi 1937. Magulu abwino kwambiri a Chiang anathera ku Shanghai m'miyezi itatu, Nanjing, likulu la boma la Chiang, inagwa mu Disembala, bomalo linathawira ku Chongqing. Mu Juni 1938 asilikali a boma anagumula makoma a mtsinje wa Yellow River kuti achedwetse Ajapani, ndipo anthu wamba masauzande mazanamazana anafa ndi madzi, njala ndi matenda. Madoko ndi mafakitale zitapita, boma linataya msonkho wake waukulu n'kuyamba kusindikiza ndalama.

Akomyunisiti analowa m'midzi kuseri kwa Ajapani, amene ankangogwira mizinda ndi njanji. Kumeneko sanalande minda koma anatsitsa lendi ndi chiwongoladzanja, kuti asaopseze alimi opezako bwino. Pofika 1945 anali ndi mamembala 1.2 miliyoni ndi asilikali pafupifupi 900,000. Mgwirizano wa zipani ziwirizi unali wa pakamwa chabe kuyambira Januwale 1941, pamene asilikali a boma anazinga ndi kuwononga likulu la gulu la akomyunisiti la New Fourth Army kum'mwera kwa Anhui. Chilungamo chake n'chakuti nkhondo zikuluzikulu zolimbana ndi Japan anamenya kwambiri ndi asilikali a Chiang, ndipo ndiwo anatuluka atafooka.

Japan itagonja mu 1945, bwanji sanagwirizane?

Anakambirana. Mao anapita ku Chongqing pa 28 Ogasiti ndipo pa 10 Okutobala anasainirana chikalata. George Marshall wa ku America anafika mu Disembala, n'kuwagwirizanitsa kuti aleke kuwomberana mu Januwale 1946. Chinakanika n'chimodzi: Chiang ankati akomyunisiti ayambe apereka asilikali awo kenako alowe m'boma, akomyunisiti ankati ayambe alowa m'boma. Aliyense ankakumbukira 1927. Pamene ankakambirana, onse ankathamangira ku Manchuria, kumene kunali malasha, zitsulo, njanji ndi zida zosiyidwa ndi Ajapani. Pofika pakati pa 1946 nkhondo inali ponseponse, ndipo Marshall anabwerera kwawo mu Januwale 1947.

Chiang anali ndi asilikali ambiri, ndege ndi akasinja. Anagonja bwanji?

Pakati pa 1946 boma linali ndi asilikali pafupifupi 4.3 miliyoni, akomyunisiti 1.2 miliyoni. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Tiyambe ndi kalembedwe ka asilikali. Mudzi uliwonse unkapatsidwa chiwerengero cha amuna oti upereke. Wachuma ankalipira kuti mwana wake asapite, choncho ogwidwa anali osauka, nthawi zambiri atamangidwa chingwe chimodzi kuti asathawe, ndipo ambiri ankafera m'njira asanaone n'komwe mdani. Malipiro ndi mpunga zinkadutsa m'manja mwa mkulu wa gulu. Msilikali akafa kapena akathawa, dzina lake linkakhalabe m'kaundula, mkuluyo n'kumadya gawo lake. Choncho gulu lolembedwa kuti lili ndi anthu 10,000 linkatha kukhala ndi ocheperapo kwambiri, ndipo amene ankakonza mapulani a nkhondo ku Nanjing ankawerengera anthu amene kulibe.

Chachiwiri ndi ndalama. Mbali yaikulu ya bajeti inkapita ku nkhondo, ndipo kusiyana kwake ankakutseka ndi makina osindikizira. Mphunzitsi kapena kalaliki akalandira malipiro ankathamangira kukagula mpunga tsiku lomwelo, chifukwa mawa mtengo unali wina. Mu Ogasiti 1948 boma linatulutsa ndalama yatsopano, gold yuan, imodzi kusinthana ndi 3 miliyoni za ndalama yakale. Linalamula anthu kupereka golide, siliva ndi ndalama zakunja, linaimitsa mitengo, ndipo mwana wa Chiang, Chiang Ching-kuo, anatumizidwa ku Shanghai kukamanga obisa katundu. Koma mitengo inaimitsidwa mumzinda mokha. Alimi analeka kubweretsa mpunga, mashelefu anauma, ndipo kufufuza kutafika pa kampani ya achibale a banja la Chiang kunaima. Mu Novembala malire a kusindikiza anachotsedwa. Amene anamvera lamulo n'kupereka golide wawo anatsala ndi mapepala. Awa anali anthu a m'tauni, omwe anali msana wa boma.

Chachitatu ndi kamenyedwe. Chiang ankakonda kulanda mizinda, ndipo mzinda uliwonse wolandidwa unkafuna asilikali oulondera. Mu Malichi 1947 Hu Zongnan, mkulu wa asilikali a boma, analanda Yan'an, likulu la Mao, koma anapeza mulibe anthu. Akomyunisiti ankawerengera magulu a adani amene awononga, osati malo. Ankadula njanji, mizinda n'kusanduka zilumba zodyetsedwa ndi ndege. Kuwonjezera apo, akuluakulu a Chiang sankakhulupirirana: a ku Whampoa, a ku Guangxi ndi a m'zigawo zina ankazengereza kupulumutsana, ndipo Chiang ankatumiza malamulo molumpha mkulu amene ali pamalopo. Mapulani ena ankafika kwa akomyunisiti kudzera mwa akazitape a m'maofesi a asilikali momwemo.

Kodi alimi ankawakondadi akomyunisiti, kapena ankawaopa?

Zonse ziwiri. Kuyambira Meyi 1946, ndipo makamaka ndi lamulo la minda la mu Okutobala 1947, kagulu ka chipani kankafika m'mudzi, kugona kwa osauka kwambiri, n'kugawa mabanja m'magulu: eni minda, alimi olemera, apakati, osauka ndi aganyu. Kenako pankachitika msonkhano wa pabwalo pomwe anthu ankanena poyera zowawa zawo pamaso pa mwini munda: ngongole, lendi, mwana amene anagulitsidwa chaka cha njala. Minda, ng'ombe, makasu ndi nyumba zinkagawidwa. Eni minda ambiri anamenyedwa mpaka kufa, ndipo mu 1947 nkhanza zinafika ngakhale kwa alimi apakati, moti kumayambiriro kwa 1948 atsogoleri analamula kuti zichepe chifukwa ulimi unayamba kulowa pansi.

Zotsatira zake pa nkhondo zinali zoonekeratu. Wolandira munda ankadziwa kuti boma likabwerera, mwini munda abwera ndi mfuti, ndipo m'madera ena zinachitikadi. Choncho ankapereka mwana, mapira ndi mapewa ake. Asilikali a boma ogwidwa ankachitiridwanso msonkhano wonga womwewo, n'kulowetsedwa m'gulu, nthawi zina m'masiku ochepa, atanyamula mfuti yomwe ija.

Ndi nkhondo ziti zimene zinadula mlandu?

Zitatu, m'miyezi isanu.

Ya Liaoshen, ku Manchuria, kuyambira pa 12 Seputembala mpaka pa 2 Novembala 1948. Lin Biao, mkulu wa asilikali a chikomyunizimu kumeneko, anayamba ndi Jinzhou, khomo lotulukira ku Manchuria. Itagwa pa 15 Okutobala, asilikali a boma a kumpoto kwake analibenso kothawira pamtunda. Mzinda wa Changchun unali utazingidwa kuyambira Meyi. Ozinga sankalola anthu wamba kutuluka, pofuna kuti chakudya cha asilikali a mkati chithe msanga, ndipo asilikali a mkatiwo ankalanda chimene chinalipo. Anthu oposa 100,000 anafa ndi njala, ambiri ali pakati pa mizere iwiri ya mfuti. Mlandu umenewu sufafanizika ndi chipambano.

Ya Huaihai, kuzungulira Xuzhou pamene njanji ziwiri zikuluzikulu zimapingasana, kuyambira pa 6 Novembala 1948 mpaka pa 10 Januwale 1949. Akuluakulu a akomyunisiti, Su Yu, Chen Yi, Liu Bocheng ndi Deng Xiaoping, anadula magulu a boma limodzilimodzi: la Huang Baitao, la Huang Wei, kenako la Du Yuming. Ankakumba ngalande usiku mpaka kufika pafupi ndi mudzi umene adani abisalamo, kuti akasinja ndi mizinga zisagwire ntchito. Kumbuyo kwawo kunali anthu wamba mamiliyoni okankha mawilibala amatabwa odzaza ufa ndi zipolopolo, pobwerera atanyamula ovulala pamachila. Magalimoto a boma ankatitimira m'matope ndi kutha mafuta. Wilibala imadutsa pakanjira ka m'munda. Boma linataya asilikali oposa 500,000.

Ya Pingjin inatha pa 31 Januwale 1949. Tianjin inagwa m'maola 29, ndipo Fu Zuoyi, mkulu wa asilikali a boma, anapereka Beijing, imene pa nthawiyo inkatchedwa Beiping, popanda kumenyana. Pa nkhondo zitatuzi boma linataya anthu pafupifupi 1.5 miliyoni, ambiri mwa iwo ogwidwa kapena ogonja okha.

America ndi Soviet Union anathandiza motani?

America inanyamula asilikali a Chiang pafupifupi theka la miliyoni pa ndege ndi pa sitima kupita kumpoto ndi kum'mawa mu 1945, inapereka zida, koma inaimitsa kugulitsa zidazo kuyambira pakati pa 1946 mpaka Meyi 1947 pofuna kukakamiza mtendere. Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, anasainirana pangano ndi Chiang mu Ogasiti 1945 ndipo asilikali ake anazula makina m'mafakitale a ku Manchuria, komabe analola Lin Biao kutenga mfuti ndi mizinga ya Ajapani. Thandizo limeneli linali lofunika kwambiri mu 1946, Lin atathamangitsidwa mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Songhua. Koma zida zambiri za ku America zinathera m'manja mwa akomyunisiti, zitabwera ndi asilikali ogonja.

Inatha liti?

Chiang anatula pansi upulezidenti mu Januwale 1949, wachiwiri wake Li Zongren n'kugwirizira mpando. Akomyunisiti anawoloka mtsinje wa Yangtze usiku wa pa 20 Epulo, ambiri pa mabwato amatabwa a asodzi. Nanjing inagwa pa 23 Epulo, Shanghai kumapeto kwa Meyi. Pa 1 Okutobala Mao analengeza boma latsopano ku Beijing. Pa 10 Disembala Chiang anakwera ndege ku Chengdu kupita ku Taiwan, kumene anali atatumiza kale golide wa boma. Anthu oposa miliyoni imodzi anawolokera komweko, kukapeza eni chilumba amene anali ndi chilonda cha kuphedwa kwa anthu awo ndi asilikali a Kuomintang mu 1947. Ulamuliro wa asilikali unakhalako kuyambira 1949 mpaka 1987.

Chinapulumutsa Taiwan ndi nyanja. Mu Okutobala 1949 asilikali a chikomyunizimu pafupifupi 9,000 anakocheza pa chilumba cha Kinmen. Madzi ataphwa mabwato awo anatsakamira pamchenga n'kuwotchedwa, owathandiza sanathe kuwoloka, ndipo onse anaphedwa kapena kugwidwa. Hainan inagwa mu 1950, koma nkhondo ya ku Korea itabuka mu Juni, pulezidenti wa America, Harry Truman, anatumiza zombo zankhondo pakati pa Taiwan ndi mtunda. Pangano la mtendere silinasainidwe mpaka lero.

Nkhaniyi ikutikhudza bwanji kuno?

Maboma onse awiri ankati ndiwo China yeniyeni, choncho dziko lililonse linkayenera kusankha limodzi. Zambia inasankha Beijing itangolandira ufulu mu 1964, ndipo njanji ya TAZARA inamangidwa ndi Atchaina pakati pa 1970 ndi 1975. Malawi, pansi pa Dr Kamuzu Banda, inasankha Taipei, likulu la Taiwan, mu 1966. Pa 25 Okutobala 1971, pamene bungwe la United Nations linavota kuti mpando wa China upite ku Beijing, Zambia inavomera, Malawi inakana. Mavoti anali 76 ovomera, 35 okana. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chinamangidwa ndi thandizo la Taiwan. Boma la Bingu wa Mutharika linasainirana ndi Beijing kumapeto kwa Disembala 2007 n'kulengeza mu Januwale 2008, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga–Chitipa zinamangidwa ndi China pambuyo pake. Mu Africa muno, dziko limene lidakali ndi ubale wa ukazembe ndi Taipei ndi Eswatini lokha.